Fayilo ija ili pati?

Usiku wa Lachiwiri tinachezera ine ndi mphwanga, tikusakasaka notsi za phunziro limodzi m'foni mwake. Iye akuchita maphunziro a uphunzitsi ali pakhomo, ndipo zonse amalandirira pa gulu la WhatsApp. Titsegule mafayilo: DOC-20240312-WA0007. Pansi pake DOC-20240312-WA0011. Ina ndi chithunzi cha bolodi chojambulidwa chopendekera, theka la mawu litatchingidwa ndi mutu wa munthu. Pakatikati apo pali uthenga wa maliro, wina akutsatsa zitenje, wina watumiza maluwa a m'mawa. Mphwanga anangopukusa mutu: "Achimwene, ndinaiona ndithu sabata yatha, koma kaya yalowera kuti."

Maganizo anga ndi awa, ndipo amene akwiye akwiye: kuponya mafayilo pa gulu si kuphunzitsa.

Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid, aliyense anagwira chimene chinali pafupi, ndipo pamenepo sindidzudzula mphunzitsi aliyense. Nyumba ikamapsa susankha chidebe. Koma moto uja unazima kalekale, ife tikadali ndi chidebe chomwecho.

Ena ati vuto ndi WhatsApp, tingosamukira pa Moodle, pulogalamu ya pa intaneti imene sukulu zimaikapo maphunziro. Inde, Moodle ndi yabwino, ndi yaulere, ndipo ilipo kuyambira 2002 pamene Martin Dougiamas wa ku Australia anaitulutsa. Koma ndinaonapo tsamba la Moodle lokhala ngati dzala: ma PDF ataunjikana, opanda sabata, opanda mutu, osadziwika woyamba ndi uti. Chisokonezo chomwe chija changosintha nyumba.

Agogo anga sanapite kusukulu koma nkhani imeneyi ankaidziwa bwino. Chimanga m'nkhokwe, mtedza m'thumba lake, mbewu ya chaka chamawa ankaipachika kudenga la khitchini kuti izifukidwa ndi utsi. Ukawafunsa nyemba ngakhale mumdima, dzanja limangopita pomwepo. Ku laibulale nakonso n'chimodzimodzi. Ndondomeko ya manambala imene Melvil Dewey anayambitsa mu 1876 imakuuza kuti mabuku a zaulimi ali pa 630, a masamu pa 510. Munthu wina anakhala pansi n'kuganizira za iwe amene udzabwere kudzafuna buku usakumudziwa. Ntchito imeneyi ndi imene tikuithawa, chifukwa siioneka pa chithunzi cha mwambo wolandirira matabuleti.

Ndiye pali kapangidwe ka phunzirolo. Mphwanga anatumiziridwa vidiyo ya maola awiri, mphunzitsi akuwerenga zolemba zake. Bandulo inathera panjira, ndipo magetsi atazima foni nayo inagona. Amene anajambula vidiyoyo ankaganiza za kalasi yokhala ndi mabenchi, osati za munthu amene akuphunzira mphika uli pamoto.

Mukukumbukira Tikwere, pulogalamu ya pa wailesi ya ana a makalasi oyambirira? Mphunzitsi wa pa wailesi ankafunsa funso kenako n'kukhala chete, kudikira kuti ana ayankhe. Kukhala chete kumeneko kunachita kukonzedwa. Anthu anaganiza kuti mwana amva chiyani, achita chiyani, ndipo chotsatira n'chiyani. Wailesi wamba inakwanitsa, nanga foni yokwera mtengo ikulephera pati? Phunziro la pa intaneti lizinena poyamba pomwe kuti sabata ino ukamaliza udzatha kuchita chakuti. Kenako mawu ojambulidwa a mphindi zisanu, tsamba limodzi lowerenga, mafunso atatu oti udziyese. Fayilo ikhale ndi dzina loti munthu amve: phunziro, sabata, mutu. Sizifuna ndalama za maiko akunja zimenezi, zimangofuna madzulo amodzi a mphunzitsi, ndi akuluakulu ozindikira kuti madzulo amenewo ndi ntchito yofunika malipiro.

Notsi zija tinazipeza nthawi itadutsa 12 koloko. Zinali mkati mwa fayilo ya phunziro lina, kuyambira tsamba 14. Mphwanga anatsegula mafoda asanu ndi limodzi, n'kuyamba kutcha mafayilo mayina imodziimodzi. M'mawa anzake anamva, ndipo pofika masana anthu khumi ndi awiri anali atamupempha kale kuti awatumizire.