Zipatala za atsamunda zinali za ndani kwenikweni?

Pali nkhani yoti boma la atsamunda linkaika ndalama pa zaumoyo ndi ukhondo m'maiko omwe linkalamulira, eya n'zoona koma funso langa ndi lakuti ndalama zingati komanso zothandiza ndani? Mfundo ya ku London inali yoti dziko lililonse lizidzidalira lokha pa misonkho yake, ndiye anthu amakhoma msonkho wa nyumba koma akadwala thandizo lake kulipeza makamaka kwa amishoni. Tangoonani Nyasaland, zipatala zomwe zinkasamala anthu akumudzi zinali za ku Livingstonia, Nkhoma, Malamulo, Likoma, pomwe ku Zomba boma linali ndi chipatala cha azungu pachokha china cha anthu akuda. Ngakhale za mipope ya madzi ndi zimbudzi zabwino zimayambira kumayadi kwa mabwana, kumudzi ayi ndithu.

Lamulo la 1929 la chitukuko cha m'maiko a atsamunda linabwera inde, koma kuno ndalama zambiri zinapita ku mlatho wa njanji wa pa Zambezi womwe unatha 1935, njanji patsogolo odwala pambuyo. Zinthu zinayamba kusinthako ndi lamulo la 1940, kenako la 1945 lomwe linaika £120 miliyoni ya zaka khumi, koma mugawe ndalama imeneyo maiko onse aja muone ngati ikukwana. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinatsegulidwa 1958, kutangotsala zaka 6 kuti tilandire ufulu, ndipo sukulu ya madokotala tinadzakhala nayo 1991. Zimandiwawa kwambiri ndikaganiza amayi omwe amafera pobereka nthawi imeneyo chonsecho msonkho amuna awo amakhoma chaka ndi chaka.