Iona ndi Ulva mwazisiyiranji?

Zikomo alembi chifukwa cha nkhani yanu ya maulendo a m'mayiko a anthu a mtundu wa Celt. Mwafotokoza bwino za Dublin ndi Edinburgh, koma zandikhudza kuti chilumba cha Iona cha ku Scotland simunachitchule. Ine ndinakafikako. Umakwera sitima yapamadzi ku tawuni ya Oban mpaka ku chilumba cha Mull, kenako basi mpaka ku Fionnphort, n'kuwoloka kamtunda kochepa. Mmonke wina dzina lake Columba anafika ku Iona mu 563 kuchokera ku Ireland, nakhazikitsa nyumba ya amonke imene inafalitsa Chikhristu ku Scotland. Mtanda wamwala wa St Martin udakaimabe pamalo pake patatha zaka zoposa 1,200. Nditauona, mtima unangoti zii.

Pafupi ndi Mull pali chilumba cha Ulva, kwawo kwa agogo ake a David Livingstone, anthu olankhula Chigaelic, chinenero cha mtundu wa Celt, asanasamukire ku Blantyre wa ku Scotland. Ife Amalawi tiyenera kudziwa zimenezi. Chinandimvetsa chisoni n'chakuti kalembera wa 2011 wa ku Scotland anapeza anthu pafupifupi 57,000 okha olankhula chinenerochi. Chonde mudzalembekonso za sukulu zimene zikuphunzitsa ana m'Chigaelic.