Sitima yothamanga iyambe yadikira, tikambe za katundu

Aliyense akaona kanema wa sitima zothamanga za ku Japan kapena ku Morocco pa Facebook amafulumira kulemba kuti "nanga ife liti?" Ine maganizo anga ndi ena, abale anga. Chimene ndikulakalaka kuona pa njanji zathu si sitima yothamanga makilomita 300 pa ola ayi, koma sitima ya katundu yosaimaima m'njira. Ndipotu mayiko amene ali ndi sitima zothamangazo, nkhani ya katunduyi ikuwazunguza mutu mpaka lero.

Amene anakwerapo minibasi ya ku Liwonde n'kupezeka ili kumbuyo kwa thiraki yodzaza simenti pachitunda, vutoli alimva msanga. Dalaivala amasuzumira, akaona kuti kutsogolo kuli mbee, n'kuipitirira. Pa njanji zimenezo kulibe. Yam'mbuyo imangotsatira mpaka pafike malo opatukira.

Tiwerengere limodzi. Pa mtunda wa makilomita 100, sitima ya anthu yothamanga 250 pa ola imatenga mphindi 24. Ya katundu yoyenda 100 pa ola imatenga ola lathunthu. Ndiye kuti ya katundu iyenera kunyamuka mphindi zoposa 36 inzake isananyamuke, apo ayi aipeza m'njira. Mphindi zonsezo njanji yatsekeka kwa sitima zingapo za anthu zimene zikanadutsa. Koma ya katunduyo itamayenda 160 pa ola, kusiyanako kumatsika kufika pafupifupi mphindi 14. Chimene chimadya malo pa njanji ndi kusiyana kwa liwiro la sitima ziwirizo, ndipo n'chifukwa chake akatswiri amavutika ndi kufulumizitsa ya katundu.

Wina anena kuti basi aiponde moto. Sizophweka choncho. Kaimeni pafupi ndi mlatho wa njanji pa Shire ku Liwonde sitima ya malasha ikamachepetsa liwiro. Mumva phokoso la zitsulo zolumikizira mabogi likuyenda kuchokera kumutu, gu gu gu, bogi ndi bogi, mpaka kukathera kumchira kumene maso sakuonako n'komwe. Mabuleki a mpweya amagwira motsatizana chomwecho, ndipo sitima yolemera imafuna mtunda wautali kuti iime. Kulemera kwakenso kumapweteka njanji. Ku Ulaya bogi ya katundu imaloledwa matani 22.5 pa ekiselo (chitsulo cholumikiza mawilo awiri) iliyonse, pamene sitima yothamanga ya TGV ya ku France sipitirira 17. Pamakona, njanji ya sitima zothamanga amaipendeketsa, mbali yakunja kukhala pamwamba. Yolemera ikamadutsapo pang'onopang'ono imatsamira mbali yam'kati n'kumaidya.

Ajeremani anayesa kuziphatikiza. Njanji ya Hannover kupita ku Würzburg, ya makilomita 327, inatsegulidwa yonse mu 1991 kuti izinyamula zonse ziwiri. Pofuna kuti ya katundu izikwanitsa kukwera, anapewa zitunda zikuluzikulu, zimene zinachititsa kuti aboole mapiri ambiri ndi kumanga milatho yambiri, ndalama n'kupita zosaneneka. Mapeto ake anagawana nthawi: masana sitima zothamanga za anthu za ICE, usiku katundu. Pomanga ya Köln kupita ku Frankfurt, imene inatsegulidwa mu 2002, sanafunenso zovutazo, anangoti iyi ndi ya anthu basi.

Koma imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya ku Japan. Pakati pa zilumba za Honshu ndi Hokkaido pali njira ya pansi pa nyanja yotchedwa Seikan, yotalika pafupifupi makilomita 54. Mmenemo Shinkansen, sitima yawo yothamanga, imagawana njira ndi sitima za katundu, ndipo anaika zitsulo zitatu m'malo mwa ziwiri chifukwa za katunduzo zimayenda pa njanji yopapatiza ya mamilimita 1,067, muyeso womwewo wa njanji yathu ya pa Liwonde. Shinkansen itayamba kudutsamo mu 2016 anailamula kuti isapitirire 140 pa ola, poopa kuti chimphepo chake podutsana chingasunthe makontena. Mu 2019 anakweza pang'ono kufika 160. Taganizani, sitima yotchuka dziko lonse kuyenda mofatsa chifukwa cha mbatatesi ndi anyezi wa alimi a ku Hokkaido! Ine ndimaona ulemu pamenepo. Iwo anadziwa kuti mbatatesiyo ikapanda kufika ku Tokyo, liwirolo silidyeka.

Ena anayesa njira ina, yoika katundu wopepuka m'sitima yothamanga yeniyeniyo. Ku France TGV yachikasu inkanyamula makalata kuyambira 1984, koma inasiya mu 2015 makalata atachepa. Ku Italy anayambitsa sitima yotere ya Mercitalia Fast mu 2018 pakati pa Caserta ndi Bologna, nayonso sinakhalitse. Zoterezi n'zamaphukusi, si za feteleza. Morocco inachita mwanzeru: sitima yawo yothamanga ya Al Boraq anaimangira njanji yakeyake kuchoka ku Tangier kufika ku Kenitra mu 2018, njanji yakale n'kupeza mpata wonyamula katundu wa ku doko.

Tsopano tibwere kwathu. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, koma njanji sinapondeko mumzinda muno. Inafika ku Blantyre mu 1908, kenako n'kulowera ku Balaka ndi Salima, ife n'kutilambalala. Yoyandikira ndi ija ya Nkaya, Liwonde mpaka Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970. Kunoko zinthu n'zotembenuka. Mfumu ya njanji si sitima ya anthu koma malasha ochokera ku Moatize, ku Mozambique, kupita ku doko la Nacala, ulendo wa makilomita 912, mabogi oposa 100 pa sitima imodzi. Njanji ndi imodzi, yopita ndi yobwera zimadalira malo opatukira. Pamenepo pali sitima ya anthu ya ku Nayuchi, palinso ya katundu wamba: feteleza, mafuta, tirigu, shuga, nandolo. Ngakhale palibe yothamanga 300, funso ndi lomwe lija la ku Germany ndi ku Japan: adikire ndani, pati, kwa nthawi yaitali bwanji?

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga okonda liwiro. Sitima yoyenda 50 pa ola osaima imamaliza makilomita 200 m'maola 4. Yoyenda 80 koma n'kukhala maola atatu pa siteshoni kudikira inzake idutse imafika patatha maola 5 ndi theka. Wamalonda wa nandolo wa ku Jali kapena wa mpunga wa ku Domasi safunsa kuti injini imathamanga bwanji. Amafunsa kuti ndikakweza Lachiwiri, kontena ifika liti ku doko, ndipo kodi sitima ya pamadzi iipeza? Akapanda kumva yankho lomveka amaitana thiraki, ngakhale ili yodula, ndipo thirakiyo ndi imene tikulimbana nayo pa msewu wa M3 n'kumadandaula za maenje.

Choncho ndalama zitapezeka, ine ndingayambe ndi zinthu zosaoneka bwino pa chithunzi. Malo opatukira achuluke ndipo akhale aatali moti sitima yonse ilowemo mchira osatsalira. Katundu wamba akhale ndi nthawi yake yokhazikika pa ndandanda, yodziwika kwa aliyense, monga Ajeremani anapatulira usiku. Ndipo doko la pamtunda la ku Liwonde, malo okwezera ndi kutsitsira makontena pa sitima, limene takhala tikulimva m'malonjezo kwa zaka zambiri, limangidwe ndithu, kuti wa ku Zomba akweze katundu wake pafupi m'malo mozungulira ku Limbe.

Aphungu athu a Zomba ndi Machinga, nanunso tithandizeni. Mukapita ku Nyumba ya Malamulo mukafunse kuti pa sitima zonse zodutsa pa Liwonde tsiku lililonse, ndi zingati zimene zimanyamula katundu wa Amalawi, ndipo kontena yochoka ku Nacala imatha masiku angati isanafike kuno. Mayankhowo akawerengedwe pa wailesi, tonse timve.