Kuunjika ndalama pawindo sikunali kokwanira

A mtolankhani, mwalemba kuti mabanki ang'onoang'ono ku America ankaunjika ndalama poonekera kuti anthu mitima ikhale pansi. Zoona, koma mwasiya nkhani ya nthawi. Mu 1931, banki ina ya ku Ogden, Utah, itatsekedwa, anthu anakhamukira kubanki ya Marriner Eccles kukatapa ndalama zawo. Iye anauza olipira ndalama kuti asakanize aliyense, koma azichedwetsa: aziyang'anitsitsa siginecha, aziwerenga ndalama zing'onozing'ono mosafulumira. Ankagula nthawi kuti galimoto ya ndalama ifike kuchokera ku nthambi ya Federal Reserve (banki yaikulu ya dziko la America) ya ku Salt Lake City, ndipo tsikulo sanatseke pa ola lake. Mawa lake anasintha: lipirani msanga, mzere usaoneke pakhomo. Chowopsa ndi mzerewo, chifukwa wodutsa akauona nayenso amalowamo.

Komabe anzanga, tisanamizane. Nzeruyi inkathandiza banki yokhala ndi pobwereka. Ngati ndalama zatsekeredwa m'ngongole za alimi pomwe mitengo ya mbewu yagwa, palibe chochita. Mabanki pafupifupi 9,000 anagwa pakati pa 1930 ndi 1933. Mantha anazilala FDIC, bungwe la boma la inshulansi ya ndalama zosungitsa kubanki, itayamba kuteteza mpaka $2,500 pa munthu mu 1934.