Kuloweza si kuwerenga, makolo anzanga

Holide yapitayi kunabwera mwana wa achemwali anga, ali Sitandade 2 pa sukulu ina ya pulaiveti. Amake ankamuchemerera kuti Chingerezi amawerenga ngati mzungu. Ndinampatsa buku lake, mawu ankangotuluka ngati madzi a pampopi. Koma nditayang'anitsitsa, maso ali pa chithunzi, chala chili pa mzere wina. Ndinatola kamtengo n'kulemba pansi kuti "nyumba". Mwana zii. Kenako pansipansi: "eni, wai, yu..." n'kuthera pomwepo.

Mlandu si wa mwanayo ayi. Anamuphunzitsa kuimba mayina a malembo ndi kuloweza masamba, ife makolo n'kumawomba m'manja chifukwa choti zikumveka za Chingerezi.

Ine maganizo anga ndi akuti mwana amene amalankhula Chichewa pakhomo ayambe kuwerenga m'Chichewa, ndipo ayambire pa maliwu. Chiyankhulo chathu chili ndi mwayi waukulu: momwe chimamvekera ndi momwenso chimalembedwera. Mavawelo ndi asanu okha, a e i o u, ndipo sasinthasintha ngati a m'Chingerezi. Mwana akadziwa kuti "m" amamveka "mmm", osati "emu", amaphatikiza yekha ma me mi mo mu. Mukawonjezera "n", tsiku lomwelo awerenga "ana", "mano", "amama", ndipo akumva tanthauzo lake, sakungotchula ngati chinkhwe. Luso lophatikizali akadzafika pa Chingerezi sayambiranso, amapita nalo.

Boma linayambitsa ndondomeko yophunzitsira ana kuwerenga ya National Reading Programme mu 2016 ya Sitandade 1 mpaka 4, ndipo njira yake ndi yomweyi ya maliwu ndi maphatikizo. Njirayo ndilibe nayo vuto. Vuto ndi loti chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo. Aphunzitsi mmodzi angamve bwanji mwana aliyense akuwerenga payekha? Amawerenga onse pamodzi, atatu akutsogolo ndi amene akuwerengadi, enawo akungoyankhira ngati kwaya. (Ndipo tisamawanyoze aphunzitsiwa, tayesani kukhala ndi ana khumi okha m'mawa umodzi muone.)

Ndiye mpata umenewu ndi wathu pakhomo, ndipo sufuna ndalama. Ine ndi mwana wa achemwali uja tinadula katoni ya sopo tizidutswa, pa kalikonse ndinalemba phatikizo limodzi ndi khala. Madzulo aliwonse podikira nsima, mphindi khumi basi. Ndimamuyikira "ma" ndi "no", iye n'kusintha kuti apange mawu ena. Akalakwitsa sindimuuza msanga, ndimangoti tchulanso pang'onopang'ono. Kukalipa ndiye kumawononga zonse, mwana amayamba kuyang'ana nkhope yanu m'malo mwa chilembo.

Pomwe tinavutikira ndi pa "h" uja. "Pala" ndi "phala" ankaziwerenga mofanana, mpaka ndinamuuza kuti aike dzanja pakamwa amve mpweya ukutuluka potchula "pha". Anaseka, koma anagwira. Za "mph", "nkh" ndi "nth" musathamangire, zimabwera zina zija zitakhazikika.

Tsiku lomuperekeza ku depoti anaima pa golosale ina n'kuyamba kutchula chikwangwani yekha, "ngo-ngo-le ma-wa", kenako anandifunsa kuti bwanji osati lero. "Ng'ombe" ndiye akadawerengabe "ngombe". Ndawauza amake kuti katoni ija asakolezere moto.