Lekani kunamizira mafakitale, botolo lija munataya ndinu

Lachiwiri lapitali ndinaima m'mphepete mwa msewu kudikira kuti ndiwoloke. Galimoto yoyera, yotsukidwa bwino, inaima pamaloboti pafupi ndi ine. Windo la woyendetsa linatsika, kunatuluka botolo la pulasitiki, kenako jumbo yomanga pakamwa. Jumboyo itagwa inaphulika, ndipo m'kati mwake munali pampasi wa mwana, wodzaza. Zonse zinagubudukira m'ngalande. Kumpando wakumbuyo kunali kamnyamata ka zaka ngati zisanu, maso ali pa dzanja la bambo ake.

Ndinasendera n'kufunsa kuti, "Bambo, zimenezi mwatayira ndani?" Munthu wamkulu, wa tayi pakhosi, anandiyankha akuseka: "Agogo, kabotolo kamodzi kangawononge dziko? Pitani mukadzudzule mafakitale." Windo linakwera, galimoto inapita. Mtima sunakhale pansi mpaka lero, n'chifukwa chake ndalemba.

Yankho limeneli ndatopa nalo. Ndalimva kwa ophunzira, ndalimva kwa achinyamata okangana pa Facebook usiku wonse. Musaganize kuti mbali yawoyo sindikuidziwa. Lipoti la Carbon Majors la mu 2017 linaonetsa kuti makampani 100 okha a mafuta, malasha ndi gasi ndiwo gwero la 71 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko wochokera m'mafakitale kuyambira 1988. Amenewo ali ndi mlandu waukulu, ndipo auyankhe. Koma kodi ndi kampani ya mafuta imene inatsitsa windo lija? Ndi kampani ya malasha imene imaponya pampasi m'ngalande? Mwatenga mlandu wa eni ake n'kuusandutsa bulangete lofundira ulesi wanu.

Ngalande sidziwa kuti botolo ndi limodzi. Lanu likumana ndi la mnzanu, jumbo ikola pamenepo, mchenga udzaza, madzi asowa njira. Lachinayi usiku mvula inagwa. M'mawa ndinadutsanso pomwe paja, ndipo ndinapeza mayi wina wa nyumba ya kumunsi akukapa madzi akuda m'chipinda ndi beseni, matiresi atayanikidwa pampanda, makope a ana atanyowa. Bambo wa tayi uja anagona pouma.

Mukuti n'zazing'ono? Dziko la Bangladesh linaletsa majumbo opyapyala mu 2002 litaona mmene anatsekera ngalande pa nthawi ya madzi osefukira. Ku Accra, likulu la dziko la Ghana, pa 3 June 2015, anthu anabisala mvula pamalo omwetsera mafuta galimoto. Madzi osefukira anatenga mafuta, moto unabuka, ndipo anthu oposa 150 anafa usiku umodzi. Ngalande zodzaza zinyalala zinali m'gulu la zinthu zimene zinachititsa. Zinyalalazo zinagwa kuchokera kumwamba? Aliyense anataya kake kamodzi, akunena mawu omwe aja.

Ndiye pali inu amene mumadziyesa aukhondo chifukwa mumasesa n'kuyatsa moto. Madzulo aliwonse mulu wa majumbo, mabotolo, nsapato zakutha ndi mawaya ukufuka kuseri kwa nyumba, ana akusewera pomwepo, wakhanda ali kumsana. Utsi wakuda wonunkha uja uli ndi poizoni wotchedwa dioxin, woyambitsa khansa. Mwana akayamba kubanika usiku mumathamanga naye kuchipatala mukudabwa kuti mphumu yachokera kuti. Mukudabwa chiyani? Mphuno zanu zomwe zinakuuzani, inu n'kungotembenuka kuti utsi upite kwa aneba.

Osuta fodya, kachidutswa ka ndudu kamene mumaponda ndi nsapato si thonje ayi, ndi pulasitiki. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati tizidutswa totere tokwana 4.5 thiriliyoni timatayidwa paliponse chaka chilichonse. Okonza magalimoto, oilo wakuda mumamuthira pansi pafupi ndi chitsime, mawa mudzamwa chiyani? Mabatire akutha mumawaponya padzala pomwe ana amatola zidole, iwo n'kumawaswa ndi mwala. Ng'ombe ndi mbuzi zikufa mimba zitadzaza majumbo. Zitini ndi matayala otayidwa zasanduka moswanirana udzudzu, eni ake ali kalikiliki kudandaula kuti udzudzu wachuluka chaka chino. Mpopi ukudontha mwezi wathunthu, wina akutsuka mano madzi akungothamanga, ndipo ndi yemweyo woyamba kukalipa madzi akasiya kutuluka.

Ena mumati, "Alipo otola, akakonzanso." Ndani? Pa pulasitiki yense wotayidwa padziko lapansi, amene amakonzedwanso ndi pafupifupi 9 peresenti yokha. Wotsalayo ali kumtaya, m'nthaka, m'mitsinje ndi m'nyanja, kapena watenthedwa n'kulowa m'mapapo a anthu. Wosesa mumsewu ndi munthu ngati inu, ali ndi msana umene umapweteka. Sanabadwire kutola manyi a mwana wanu ndi manja.

Chimene chandiwawa koposa ndi kamnyamata kaja. Sikanauzidwe mawu aliwonse, koma kaphunzira kale. Mawa kadzamwa chakumwa chake n'kuponya botolo pawindo osayang'ana n'komwe, ndipo mphunzitsi akadzakadzudzula kadzayankha kuti adadi amatero. Pamenepo mudzanamizira fakitale iti?

Botolo munalinyamula lili lodzaza, likulemera. Likatha lapepuka, ndiye mwalephera kulisunga m'galimoto mpaka mutapeza bini? Bambo wa galimoto yoyera, ngati mukuwerenga, ngalande ija ikadali yotseka ndipo pampasi wanu akadali momwemo. Manyazi akugwireni, mubwere mudzatole.