Yesu wa odwala chifuwa chachikulu ku Assy

Abale, pali tchalitchi ina ku France imene yandikhala pamtima sabata yonseyi. Dzina lake ndi Notre-Dame de Toute Grâce, ili ku Plateau d'Assy, moyang'anizana ndi phiri la Mont Blanc. Kumeneko kunali zipatala zambiri za odwala chifuwa chachikulu. Masiku amenewo mankhwala kunalibe, munthu ankangogonekedwa kumapiri kuti azipuma mpweya wabwino n'kumadikira. Wansembe wa odwalawo, bambo Jean Devémy, ndiwo anayambitsa ntchito yomanga mu 1937, ndipo tchalitchiyo inadalitsidwa mu 1950.

Pofuna kuikongoletsa, iwo ndi wansembe mnzawo, bambo Marie-Alain Couturier, sanafunse amisiri kuti kodi mumapemphera kuti. Anafunsa za luso basi. Fernand Léger, wachikomyunizimu, anakongoletsa khoma lakumaso. Marc Chagall, Myuda, anajambula Aisraeli akuwoloka Nyanja Yofiira pamalo obatizira. Henri Matisse ndi Georges Rouault nawonso anaikapo dzanja.

Koma ine chandigwira ndi mtanda wamkuwa umene anapanga mayi Germaine Richier. Yesu wake ndi wowonda, nkhope yosadziwika bwino, thupi lokakala ngati khungwa la mtengo, manja otambasula. Ndi uja wa pa Yesaya 53, wopanda maonekedwe oti tim'khumbire. Akatolika ena, ambiri a iwo okhala kutali ndi Assy, anakwiya n'kumati n'kunyoza Mulungu. Mu 1951 episkopi wa ku Annecy analamula kuti mtandawo uchotsedwe paguwa.

Apa mpamene mtima wanga ukuwawa. Ndinadwazikapo malume anga matenda omwewa. Ndinkawasambitsa, nthiti zikuwerengeka, mapewa atatsala mafupa okhaokha, akatsokomola thupi lonse kugwedezeka. Madzulo ena anandipempha kalilole, atadziona anangoitembenuza osalankhula kanthu. Ndiye ndiuzeni, munthu wofika pamenepo akakweza maso kuguwa, angadzione mwa Yesu uti? Wosalala, watsitsi lopesa bwino, ngati wangochoka kosamba? Mutu ukakula sulewa nkhonya, inde, episkopiyo anapanikizidwa. Komabe ndikuti analakwitsa. Tchalitchiyo inamangidwira anthu otsokomola magazi, ndipo anthu amphumphu anawalanda Yesu wofanana nawo.

Sindikunyoza zithunzi zokongola zimene tili nazo m'maparishi mwathu, ndinakula nazo ndipo ndimazikonda. Koma Lachisanu Loyera sikunali kokongola.

Panapita zaka pafupifupi 20 mtanda uja usanabwerere pamalo pake. Pofika nthawiyo mayi Richier anali atamwalira kale, mu 1959, ndipo mankhwala a chifuwa chachikulu anali atapezeka, moti zipatala zija zinayamba kusintha ntchito. Ndimangoganiza za odwala aja amene anamwalira m'zaka zimenezo, akumva Misa guwa lilibe Yesu wawo.